Kukasaka gwape wa makutu aatali ku Piceance

Lachinayi usiku, ku Aurora, pafupi ndi mzinda wa Denver

Katundu yense ali pakhomo. Mawa m'bandakucha tikunyamuka kupita kumadzulo kwa Colorado, kuno ku Amereka, kuseri kwa mapiri, kukasaka nyama imene kuno amati mule deer. Dzinali anaipatsa poona makutu ake, aatali ngati a nyulu, mwana uja wa bulu ndi hatchi. Ine ndizingoti gwape, ngakhale kuti gwape wa kwathu ku Kasungu ataima pambali pake angaoneke ngati kamwana kobadwa dzulo. Mphongo yokhwima kuno imatha kupitirira makilogalamu 100.

Tilipo anayi. Pali bambo wachikulire amene ndinkagwira nawo ntchito pa galaja asanapume, mzungu wobadwira konkuno, amene timangowatchula kuti Madala, ndipo dzinali analilandira ndi manja awiri. Pali mwana wawo wamkazi, namwino, amene anayamba kusaka ali ndi zaka 12. Ameneyu ndimamuti achemwali. Pali mnzanga wa ku Chipata, Aneba, amene alibe chiphaso koma wati abwera kudzaphika ndi kudzasenza. Wachinayi ndine.

Ulendowu sunayambe lero. Ku Colorado munthu aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1949 sangagule chiphaso chosakira asanachite maphunziro a alenje n'kukhoza mayeso ake. Ndinachita. Kenaka kumayambiriro kwa Epulo umalembetsa mayere, poti ziphaso za gwape n'zowerengeka. Zaka ziwiri ndinagwa. Ukagwa amakupatsa pointi imene imakusendezera kutsogolo chaka chinacho. Chaka chino mwayi wandigwera: gwape mmodzi, wamphongo, m'dera limodzi, m'masiku owerengeka a Novembala. Kapepalako ndakakulunga m'pulasitiki.

Mayi kumudzi nditawauza pa foni, anafunsa kuti agalu tatenga angati. Ndinati kuno kuthamangitsa gwape ndi agalu n'koletsedwa, kutentha tchire n'koletsedwa, kutchera khwekhwe n'koletsedwa, kuunika ndi tochi usiku n'koletsedwanso. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Nanga mukamupeza bwanji, mwanawe?"

Lachisanu, pa msasa

Tachoka 5 koloko. Msewu wa I-70 umayamba kukwera ukangotuluka mu Denver mpaka kukafika pa Eisenhower Tunnel, pomwe galimoto imaboola phiri pa mamita pafupifupi 3,400. Ndinawauza Aneba kuti tili pamwamba kuposa Sapitwa, nsonga ya Mulanje ija ya mamita 3,002, chikhalirecho tili pa mpando wa pikapu tikumwa tiyi. Makutu anatseka. Titatsika tinalowa m'chigwa chothina cha Glenwood Canyon, mtsinje wa Colorado uli kumanzere, matanthwe atatchinga dzuwa. Pa tauni ya Rifle, dzina lotanthauza mfuti, tinakhotera kumpoto mumsewu wa 13 mpaka ku Meeker, m'mbali mwa White River.

Ku Meeker sabata ino aliyense wavala olenji. M'sitolo, pomwetsera mafuta, m'lesitilanti, zipewa za olenji zokhazokha ngati kuli msonkhano wa chipani. Lamulo limati mlenje wa mfuti avale chovala chowala, cha olenji kapena pinki, kuchokera m'chiuno kupita m'mwamba, pamodzi ndi chipewa chooneka mbali zonse. Gwape mtundu umenewu sauona monga timauonera ife, koma mlenje mnzako amauona ali kutsidya la chigwa.

Tili m'galimoto Madala anandiuza mbiri ya dzina la tauniyi, ndipo sanaikometsere. Dziko lonseli linali la anthu a mtundu wa Ute. Boma linawatumizira Nathan Meeker kuti awasandutse alimi, iye n'kulimitsa malo amene ankadyetsapo ndi kuthamangitsirapo mahatchi awo. Mu 1879 kunabuka nkhondo, Meeker anaphedwa, ndipo pasanathe zaka zitatu a Ute a kuno anali atasamutsidwira ku Utah. Tauni inatenga dzina la wophedwayo. Agwape amene tikukasakawa makolo awo ankasakidwa ndi a Ute. Ndinaona kuti ndi bwino kulowa m'tchire la eni ndikudziwa zimenezi.

Msasa tamanga kumadzulo kwa tauni, m'dera la Piceance, pa malo a boma amene aliyense ali ndi ufulu wolowamo. Tenti ndi ya kanivasi, yaikulu, ili ndi mbaula ya nkhuni ndi chumuni chotulukira padenga. Dzikoli ndi la zitunda ndi makwawa, louma, la dothi lotuwa. Mitengo yake ndi yaifupi, ya pinyon ndi juniper, ndipo m'madambo muli zitsamba zotuwa za sagebrush. Nditawaza chikuni cha juniper, fungo lake linali la mkungudza weniweni, ndipo ndinaima kaye nkhwangwa ili m'manja. Patali pakuoneka nyali za zitsime za gasi, poti pansi pa dziko lino pali gasi wambiri.

Netiweki ikupezeka pa kachitunda kamodzi kuseri kwa tenti. Ndi pomwe ndizikwera madzulo aliwonse kudzalemba.

Loweruka

Tadzuka 4:30. Madzi a m'chigubu chimene tinasiya panja anali mwala. Kachipangizo ka m'galimoto kanaonetsa madigiri 12 pansi pa ziro. Aneba anali atawiritsa kale phala, ndipo tinadya titaimirira mozungulira mbaula.

Lamulo limalola kuwombera kuyambira theka la ola dzuwa lisanatuluke mpaka theka la ola litalowa, ndiye umayenera kufika pamalo kukadali mdima. Achemwali analowera chitunda cha kumpoto okha. Ine ndi Madala tinakwera cha kummwera, Aneba akutitsata m'mbuyo. Mphindi 40 zokha, koma mpweya wa kumtunda kuno ndi wopepuka ndipo chifuwa chinkachita kutentha. Titafika pamwamba Madala anafinya kabotolo ka ufa woyera, ufawo n'kuuluka kulowera kumbuyo kwathu. Anagwedeza mutu movomereza. Mphepo ikachokera kwa iwe kupita kwa gwape, ulendo wonse wapita pachabe, poti mphuno yake imamva munthu asanaoneke n'komwe.

Kenaka tinakhala pansi. Funso la mayi yankho lake n'limeneli: gwape wa kuno umamupeza utakhala pansi. Umatsamira mtengo, kuika magalasi oonera patali pa kamiyendo katatu, n'kuyamba kusanthula phiri la kutsidya pang'onopang'ono, chitsamba ndi chitsamba, ngati mayi akusankha mpunga m'lichero. Ola loyamba sindinaone kanthu. Madala anali ataona kale asanu ndi awiri. Anandinong'oneza kuti ndisiye kufunafuna nyama yathunthu, ndifunefune chidutswa: khutu, mzere wa msana, kuyera kwa kumatako. Ndinabwerera pa chitsamba chimene ndinali nditachidutsa katatu. Chinali ndi makutu awiri, ndipo limodzi linatembenuka.

Ndinanjenjemera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero agogo, ndipo mawuwa ndawamva bwino lero ndili ndi zaka 41.

Diso likangophunzira, phiri lonse limadzuka. Zazikazi zisanu ndi ana awo obadwa mu Juni zinali kubudula nsonga za zitsamba. Nyamazi sizidya udzu ngati ng'ombe, zimabudula ngati mbuzi. Ubweya wake nyengo ino ndi wotuwa ngati dothi lomwelo, kumatako koyera, kamchira kowonda kokhala ndi nsonga yakuda. Cha m'ma 8 koloko kunalira mfuti kutali, kuchigwa china, ndipo gulu lonse linathawa. Kathawidwe kake sindinakaonepo pa nyama ina ya msinkhu umenewu. Miyendo yonse inayi imanyamuka pamodzi n'kutera pamodzi, njo njo njo, kukwera phiri ngati mpira wodunda. Zitafika pamwamba zinaima n'kucheuka, makutu ali chilili.

Mphongo ndaona imodzi, yaing'ono, pa mamita oposa 600. Ine malire anga ndi mamita 200. Chilimwe chonse ndakhala ndikuyeserera pa bwalo lowomberapo ndi mfuti yanga ya .270, ndipo kupitirira pamenepo zipolopolo zanga zimamwazikana. Nyama yovulazidwa n'kukafera kuthengo ndi chinthu chimene sindifuna kusenza mumtima.

Lamulungu

Usiku kwagwa sinowo ndipo mphepo yawomba tsiku lonse. Tinayesa kutuluka m'mawa koma phiri la kutsidya silinkaoneka. Tabwerera 9 koloko.

Aneba aphika nsima ya ufa umene tinagula ku sitolo ya Afirika ku Aurora, ndiwo nyemba ndi kapenta. Madala tsopano amadya ndi manja, ndipo mbamu amaumba bwino kuposa ana athu obadwira kuno. Titakhuta anandifunsa mmene tinkasakira kwathu, ndipo ndinapezeka ndikulankhula kwa ola lathunthu za agogo anga aamuna.

Ndinawafotokozera za uzimba. Mwezi wa Okutobala, udzu utauma, amfumu akaloleza, amuna a midzi ingapo ankasonkhana ndi agalu, mauta, nthungo ndi zibonga. Ena ankayatsa moto mbali imodzi, ena n'kudikira mbali inayo. Ife ana tinkabwera m'mbuyo pa lupsa kukumba mbewa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinaona agogo akubwera ndi mbawala paphewa, ndipo ndikukumbukira kuti sanalowe nayo m'nyumba asanadule mwendo wopita kwa amfumu. Kunali malamulo. Wolasa woyamba anali ndi gawo lake, mwini galu lake. Kunali nkhalango ya kumanda kumene munthu sankaponyako muvi. Agogo akapeza kamwana ka insa kali kokha m'udzu ankatiletsa kukagwira.

Ndimakana ndithu anthu akamanena kuti ife sitinkadziwa kusamala nyama. Tinkadziwa. Chimene chinachitika n'choti anthu tinachuluka, minda ya fodya ndi chimanga inadya tchire, makala anamaliza mitengo, ndipo waya wa khwekhwe sasankha yaikazi kapena ya bere. Pamene ndinkamaliza sekondale, kumudzi kwathu kunalibenso mbawala. Yotsala inali mu paki ya Kasungu, ndipo wolowamo anali wakuba.

Madala anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati nakonso kuno zinafika pomwepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 agwape ndi nyama zina anali atatsala pang'ono kutha, chifukwa anthu ankapha zogulitsa m'misika ndi m'migodi. Anachita kuletsa malonda a nyama ya m'tchire, ndipo mpaka lero kugulitsa nyama ya gwape amene wapha ndi mlandu. Kupatsa mnzako ndiye kololedwa. Mu 1937 anakhazikitsa lamulo la Pittman-Robertson, loti msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo uzipita ku ntchito yosamala nyama. Ndalama za ziphaso zimapitanso komweko. Anatchulanso dzinja la 2022 mpaka 2023, pamene sinowo inakwirira kumpoto chakumadzulo kwa Colorado kwa miyezi, nyama zambiri n'kufa ndi njala. Mu 2023 a Colorado Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoyang'anira nyama za m'tchire, anadula kwambiri chiwerengero cha ziphaso. Madala chaka chimenecho sanabwere n'komwe.

Achemwali anali chete akunola mpeni. Kenaka anati akufuna adzaone Majete, poti anamva kuti kumeneko nyama zinatheratu koma anazibwezeretsa kuyambira mu 2003. Ndinati n'zoona, ndipo tsopano kuli njovu, zipembere ndi mikango. Ndinalankhula monyadira.

Lolemba

Lero ndamuona, ndipo ndamuleka.

Kunacha kopanda mtambo, sinowo ili mbee, mapazi a nyama ali paliponse. Ino ndi nyengo imene mphongo zimayamba kufuna zazikazi. Chaka chonse zikuluzikulu zimabisala kwazokha, koma pakati pa Novembala khosi limatupa, kudya zimaiwala, ndipo zimayenda masana kununkhiza gulu lililonse. N'chifukwa chake alenje amalimbirana masiku amenewa. Madala anati tingopeza zazikazi n'kuzidikira, mwini wake abwera yekha.

Anabwera cha m'ma 7:40. Anatulukira m'mitengo ya juniper mutu uli pansi, khosi ngati la ng'ombe ya pagoli, nkhope yotuwa ndi ukalamba. Nyanga za gwape ameneyu sizili ngati za mbawala. Zimagawika pawiri, nthambi iliyonse n'kugawikanso pawiri, ngati mphanda ya mtengo, ndipo chaka chilichonse zimathothoka kumapeto kwa dzinja n'kumeranso zina. Ameneyu anali ndi nsonga zinayi uku, zinayi uku, zotambalala kupitirira makutu. Ankathamangitsa kamphongo kakang'ono mosachita kufulumira, kungokayang'ana basi, iko n'kupatuka.

Tinatsika kukhwawa n'kukwawa ndi mimba kukwera mbali inayo. Sinowo inalowa m'manja mwa jekete. Zinatitengera mphindi 50. Titasuzumira, anali pa mamita 180, ataima cham'mbali, phewa lonse lili poyera. Ndinagoneka mfuti pa chikwama. Mtanda wa m'kagalasi unakhazikika kuseri kwa phewa. Mtima unkagunda mpaka m'makutu, koma manja anali bwino.

Madala anandigwira pa mwendo. Anandionetsa foni. Pa mapu, malo a boma amaoneka achikasu, a anthu amaoneka oyera, ndipo kadontho kosonyeza ife kanali m'mphepete mwenimweni mwa chikasu. Mzere unkadutsa pakati pa ife ndi gwape. Iye anali mkati mwa famu ya munthu, mwina ndi mamita 40 okha. Panalibe mpanda, panalibe chikwangwani. Ku Colorado mwini malo sakakamizidwa kuika chizindikiro; udindo wodziwa pamene waima ndi wa mlenje.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunalibe nyumba, kunalibe galimoto, kunalibe munthu. Ndinena zoona, maganizo anandifikira oti tikanamukoka msangamsanga kulowa naye mbali yathu ndipo palibe akanadziwa. Zaka zitatu ndikudikira. Madala sanalankhule kanthu, sanachotsenso dzanja pa mwendo wanga. Ndinakumbukira agogo ataima m'mphepete mwa nkhalango ya kumanda, agalu akuuwa mkati, iwo n'kuwaitana ndi likhweru kuti abwerere. Tsiku limenelo tinadyera chigwada, ndipo ndinawakwiyira.

Ndinatseka loko ya mfuti. Tinagona pa sinowo pomwepo kwa ola ndi theka kudikira kuti mwina awoloka. Anayenda masitepe angapo kubwera kwathu, mtima wanga n'kukwera, kenaka yaikazi ina inatembenukira kumtunda ndipo iye anaitsatira osacheuka. Ndinamuperekeza ndi magalasi mpaka nyanga zinamira kuseri kwa chitunda.

Pobwerera sindinkafuna kulankhula. Aneba anandipatsa tiyi n'kunena kuti, "Amwene, mwachita chamuna." Sindinayankhe. Chikundiwawabe pamene ndikulemba pano, ndipo zala zachita dzanzi. Koma nditati ndibwererenso pa chitunda chija, ndikanachitanso chimodzimodzi.

Lachiwiri

Palibe. Tayenda makilomita pafupifupi 11 ndipo taona zazikazi zokhazokha. M'khwawa lina tapeza mapazi a mkango wa m'mapiri, ozungulira, aakulu ngati chikhatho changa, opanda zikhadabo, akutsata njira ya agwape. Ameneyu ndiye mlenje wa chaka chonse kuno. Bondo la Madala latupa, ndipo mawa atsala pa msasa. Achemwali aona mphongo ziwiri zazing'ono n'kuzileka. Iwo akufuna yokalamba, apo ayi abwerera chimanjamanja, ndipo akunena izi akumwetulira.

Nsapato zanga zanyowa. Ndaziika pafupi ndi mbaula.

Lachitatu

Ndapha gwape lero nthawi ya 7:15 m'mawa.

Ndinapita ndi Aneba awiriwiri. Madala anatijambulira pa pepala kachigwa kena mkati mwenimweni mwa malo a boma, kumene kuli zitsamba za bitterbrush zimene agwape amazikonda. Tinafika kukadali nyenyezi. Ufa wa m'kabotolo ndinafinya ndekha. Kutayamba kuyera ndinaona zazikazi zitatu, ndipo kumbuyo kwake mphongo yanyamata, nsonga zitatu uku, ziwiri uku. Sanali wa Lolemba uja, ngakhale theka lake. Ndinayang'ana mapu kawiri. Ndinayang'ana kuseri kwake: phiri, osati thambo, ndiye chipolopolo chikaphonya chikathera m'dothi. Mamita 140. Ndinadikira yaikazi imene inali pafupi naye isunthe.

Kulira kwa mfuti sindinakumve bwino. Ndinangoona gwape akudumpha, kuthamanga kamtunda kochepa, n'kugwa m'zitsamba. Zazikazi zinakwera phiri njo njo njo. Kenaka kunali zii.

Tinadikira mphindi 20 monga anatiphunzitsira, kenaka tinatsata magazi pa sinowo. Anali atafa kale, maso ali tong'o. Ndinagwada n'kuika dzanja pa khosi pake. Anali wofunda kwambiri, ubweya wokhuthala, fungo la tonde losakanikirana ndi la sagebrush. Khutu lake ndinaliyeza ndi dzanja langa, ndipo linapitirira. Ndinkaganiza kuti ndidzakuwa ndi chimwemwe, koma chimene chinabwera ndi misozi. Aneba anavula chipewa. Ndinapezeka ndikunena mawu amene sindinawakonzekere: "Zikomo, pepa." Kenaka ndinatchula dzina la agogo.

Ntchito yoyamba ndi kapepala. Umasaina, kulemba tsiku, n'kukang'amba pa chiphaso. Kuyambira pamenepo ulenje wako wa gwape chaka chino watha. Achemwali anamva mfuti ndipo anatipeza tisanayambe kusenda. Anatisonyeza njira imene amagwiritsa ntchito nyama ikafera kutali ndi msewu. Sutumbula kaye. Umang'amba chikopa kutsata msana, kusenda mbali imodzi, kuchotsa mwendo wakutsogolo ndi wakumbuyo, kenaka mnofu wautali wa m'mbali mwa msana, n'kutembenuza nyamayo kuchita chimodzimodzi mbali inayo. Chilichonse chimalowa m'matumba a nsalu kuti chizizire chisanadetsedwe. Pa mwendo umodzi umasiyapo chizindikiro chosonyeza kuti inali yamphongo, kuti woyang'anira nyama akakuimitsa aone. Lamulo limakakamiza kutenga miyendo inayi ndi minofu ya kumsana, ndipo kusiya zimenezi kuthengo ndi mlandu.

Ife lamulo limenelo linatichepera. Tinatenga nyama ya m'khosi, ya m'nthiti, mtima ndi chiwindi. Aneba ankafunanso nthumbwana, matumbo ndi mang'ina, ndipo anadandaula kuchokera pansi pa mtima kuti ndiwo zabwino chonchi zikutsala. Achemwali anadabwa, kenaka anati abambo awo ankasimba kuti agogo awo nawonso sankataya kanthu. Tinagwirizana kuti zam'mimba zitsale chifukwa cha matenda amene ndifotokoze mawa. Mbalame za magpie, zakuda ndi zoyera, zinali zitatera kale pa mtengo wapafupi. Chipolopolo changa chinali cha kopa, chopanda mtovu. Madala anaumirira zimenezi kuyambira pachiyambi, chifukwa tizidutswa ta mtovu totsalira m'matumbo timapha ziwombankhanga zodzadya zotsala.

Kuchokera pamenepo kufika pa galimoto ndi makilomita atatu, ambiri okwera. Ine ndinasenza miyendo yakumbuyo ndi mutu, Aneba yakutsogolo ndi zotsala, achemwali mfuti ndi zikwama. Tinapuma kasanu ndi kamodzi. Aneba anayambitsa nyimbo ya kwawo yokokera ngolo ndipo tinkapuma molingana nayo. Titatulukira pa msasa, Madala anali ataima panja ndi ndodo. Anayang'ana nyanga, anayang'ana ine, n'kundigwira chanza ndi manja awiri, monga ndinawaphunzitsira kuti ndi mmene timachitira kwathu.

Lachinayi, pobwerera

Tapasula msasa m'mawa. Achemwali anatuluka komaliza m'bandakucha n'kubwerako opanda kanthu. Ati chaka chawo chidzakwana.

Ku Meeker tinapereka mutu ku ofesi ya zanyama kuti akauyeze. Kuno kuli matenda otchedwa CWD, oondetsa agwape. Anayamba kuonedwa mu 1967 pa agwape a mtundu womwewu amene ankasungidwa pa malo ofufuzira ku Fort Collins, ndipo tsopano afalikira madera ambiri, lino lomwe. Sayamba ndi kachilombo wamba koma ndi puloteni yopindika molakwika imene imawononga ubongo, ndipo kuphika sikuipha. Nyama imatha kukhala nawo kwa nthawi yaitali ikuoneka yonenepa. Palibe munthu amene anatsimikizika kuti anawatenga, komabe a zaumoyo amalangiza kuti nyama yopezeka nawo isadyedwe, ndiponso kuti ubongo, mtsempha wa mu msana ndi kapamba zisakhudzidwe. Mtsikana wa pa ofesipo anachotsa timwanabele ta m'khosi, n'kundibwezera nyanga. Kwathu mutu ndi wa amuna, amauwotcha n'kuudyera pabwalo. Uwu wapita ku labotale.

Tabwerera njira ina, kudzera ku Craig, Steamboat Springs ndi Kremmling, chifukwa Madala ankafuna ndione chinthu china. Kummwera kwa Kremmling, pa msewu wa 9, anamanga milatho iwiri yodutsa pamwamba pa msewu ndi njira zisanu zapansi, za nyama zokhazokha, ndi mpanda wautali wozilondolera. Anamaliza mu 2016. Agwape amatsika m'mapiri dzinja lililonse kutsata njira zimene amayi awo anawaonetsa, ndipo msewuwu unadula njirazo, moti kale magalimoto ankawagunda kwambiri. Chimangireni, ngozizo zinatsika ndi pafupifupi 90 pa 100 iliyonse. Tinadutsa pansi pa mlatho umodzi, pamwamba pake pali dothi ndi zitsamba. Aneba anajambula kuti akatumize kwawo.

Nyama ili m'mabokosi a ayezi kumbuyo. Sitilawa mpaka zotsatira zibwere.

Loweruka, patapita masabata awiri ndi theka

Zotsatira zabwera dzana: matenda sanapezeke. Nyama yonse yopanda mafupa inakwana makilogalamu 27. Mkazi wanga wadula nthuli, zina tawamba pa waya kuseri kwa nyumba ngakhale kunja kukuzizira, ndipo fungo lakelo laitana aneba enieni a khomo loyandikana. Tagawa timapukusi kwa mabanja asanu a ku tchalitchi. Chiwindi tadya ndi Aneba dzulo, chokazinga ndi anyezi, nsima ya mgaiwa. Nyamayi ilibe mafuta ambiri ndipo ili ndi kafungo ka zitsamba zija.

Mwendo umodzi wakumbuyo sindinaudule. Ndinaukulunga wathunthu n'kupita nawo kwa Madala. Anakana, amvekere firiji yawo ili ndi nyama ya chaka chatha. Ndinawauza kuti si mphatso, ndi mwendo wa amfumu, ndipo saukana. Anaulandira n'kundifunsa kuti mfumu ikalandira imayankha chiyani. Ndinawaphunzitsa, ndipo anayesa katatu mpaka anakhoza.

Mayi ndawatumizira chithunzi pa WhatsApp. Ayimba pompano. Za nyanga sanafunse. Afunsa ngati makutuwo ndi akedi, ndiponso kuti chikopa ndasiyiranji kuthengo pomwe ng'oma ya kumudzi inang'ambika chaka chatha.